Mafumu a ku Tanis: mupite ku manda awo kapena ku Egyptian Museum?

Mu 1939 ndi 1940, katswiri wa zinthu zakale Pierre Montet anafukula manda a mafarao a mzera wa 21 ndi 22 ku Tanis, mzinda wakale wa ku Iguputo, komwe lero kumatchedwa San el-Hagar. Mandawo adakali komweko, koma chuma chake chili ku Egyptian Museum, ku Tahrir mumzinda wa Cairo.

Nthawi: ku Tahrir maola awiri akwanira. Ku Tanis mupatule tsiku lonse.
Ndalama: ku Tahrir ndi tikiti basi. Ku Tanis muwonjezere yobwerekera galimoto, chifukwa ndi kutali, kumpoto chakum'mawa kwa Cairo.

Zokaona ndiye zimasiyana kwambiri. Ku Tahrir kuli bokosi lamaliro lasiliva la Farao Psusennes I, chigoba chake chagolide cha kumaso, ndi bokosi lasiliva la Shoshenq II lokhala ndi mutu wa kabawi. Siliva anali wosowa ku Iguputo, n'chifukwa chake mabokosiwa ndi amtengo wapatali. Ku Tanis mupeza zipinda zamiyala za manda a Osorkon II ndi Shoshenq III, komanso zipilala zogwa. Chinyontho cha kumeneko chinaoletsa matabwa ndi mitembo, choncho musayembekezere zambiri m'kati.

Wa tsiku limodzi apite ku Tahrir. Ku Tanis kumayenera wofuna kuona mmene banja lachifumu linkaikidwira mothinana, m'kati mwa mpanda wa kachisi wa mulungu Amun.