GeoNet: app imene inandibwezera tulo ku Taupō

Nditafika ku Taupō, ku New Zealand, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinkangosirira nyanja yapano. Sindinkadziwa kuti madzi onsewa adadzaza m'chigwembe cha phiri lophulika, lomwe lidaphulika komaliza zaka pafupifupi 1,800 zapitazo. Ndinadzidzimuka mu September 2022, GeoNet, yomwe imayang'anira zivomerezi ndi mapiri ophulika m'dziko muno, itakweza chenjezo la phiri la Taupō kuchoka pa 0 kufika pa 1, koyamba chiyambire. Mnzanga wa kuntchito ataona kuti ndasowa mtendere, anatenga foni yanga n'kundiikira app yawo. Ndi yaulere.

Sabata yoyamba ndinadzivutitsa ndekha. Ndinaitchera kuti izindiuza ngakhale tizivomerezi tating'ono, ndiye foni inkangolira ngati ya ejenti wa mobile money pakutha pa mwezi. Nditasintha kuti izinena zamphamvu zokha, tulo tinabwerera.

Usiku wa pa 30 November chaka chomwecho bedi linagwedezeka, makapu m'kabati gobedegobede! Ndikufufuzabe masilipasi mumdima, foni inawala: chivomerezi choposa 5, pansi pa nyanja yomweyi. Mtima unali phaphapha, komabe kudziwa pomwe chachokera ndi kukula kwake kunandikhazika pansi. Akatswiri awo analemba uthenga wofotokoza zomwe zachitika, m'Chingerezi chosavuta, chopanda kuopseza. Chenjezo linakhalabe pa 1 mpaka May 2023, pomwe linabwerera pa 0.

Koma abale, manambala amenewa muwamvetse. Amayambira pa 0 kulekeza pa 5. Pa 1 ndi 2 ndiye kuti phiri likutakataka, kuyambira pa 3 likuphulika. Nambalayo imanena mmene phiri lilili lero, za mawa ayi. Whakaari, chilumba cha phiri lophulika cha kuno ku New Zealand chomwe amachitchanso White Island, chinali pa 2 pomwe chinaphulika pa 9 December 2019, anthu 22 n'kumwalira, ambiri mwa iwo alendo odzaona malo. Eni GeoNet sabisa, amalemba poyera kuti phiri likhoza kuphulika lili pa nambala iliyonse. N'chifukwa chake ine sindingoyang'ana nambala, ndimawerenga uthenga wonse, makamaka tikapangana zopita ku Ruapehu, phiri lina lophulika la kufupi ndi kuno, kukaona chipale.

Mayi kumudzi anamva mbiri yoti ndimagona pafupi ndi moto, ndiye Lamlungu lililonse amafunsa pa WhatsApp kuti phiri lija ladzuka bwanji. Ndimawatumizira chithunzi cha 0 uja. Za Whakaari sindinawauze.