Noturno, PESD kapena alfabetizasau: wobwerera kusukulu agogode khomo liti?

Munthu amene anasiya sukulu ku Ulongué, ku Furancungo kapena ku Zóbuè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akafuna kubwerera, makomo alipo angapo, koma si onse angamukwane. Ambiri amasankha poona kuphweka kwa njira, n'kulekera panjira kachiwiri. Musanalembetse, dzifunseni zinthu ziwiri: munalekezera kalasi yanji, ndipo Chipwitikizi chanu chingakuyendetseni nokha tsamba lathunthu popanda wokumasulirani?

Makalasi anasintha, choncho werengani bwino. Lamulo la maphunziro la 2018 linaika pulayimale kuyambira kalasi 1 mpaka 6, sekondale 7 mpaka 12. Amene munasiya sétima (kalasi 7) ikadali ku pulayimale, tsopano mukaipeza ku sekondale.

Kwa amene sanapondeko m'kalasi, kapena anathawa zilembo zisanakhazikike m'mutu, khomo ndi limodzi: sukulu ya akuluakulu, imene pano timati alfabetizasau. Imalandira kuyambira zaka 15, salipiritsa, ndipo amakumana masana maola ochepa, pasukulu, patchalitchi, pena pansi pa mtengo. Kufooka kwake n'kodziwika. Wophunzitsa nthawi zambiri ndi wongodzipereka, kandalama kake n'kochepa ndipo kamachedwa, ndiye akatopa gulu limabalalika. Musanayambe, funsani ngati gululo linalembedwa ku ofesi ya maphunziro ya paboma, SDEJT. Gulu losalembedwa lingakuphunzitseni kusaina dzina, koma pepala lopitira nalo patsogolo simudzalipeza.

Mkangano weniweni uli pakati pa noturno ndi PESD, poti zonse ziwiri n'za sekondale ndipo zimathera pa mayeso a boma omwewo.

Noturno ndi sukulu yomwe mukuidziwa, kungoti imalowa dzuwa likamalowa n'kuweruka usiku ndithu. Mphunzitsi ali pabolodi, mukasokonezeka mumakweza mkono, anzanu ali pambali. Kwa munthu amene wakhala zaka khumi osagwira kope, ameneyu ndiye mankhwala, makamaka pa masamu ndi Química. Koma imafuna magetsi, choncho mumaipeza m'masukulu a pavila, ndipo si sukulu iliyonse imene imatsegula makalasi ausiku. Kafunseni ku secretaria, ofesi ya pasukulu, chaka chisanayambe. Imafunanso thupi lanu tsiku ndi tsiku. Amaitana maina, ndipo mafalta (masiku ojomba) akachuluka mumataya chaka ngakhale mitu yanu ikugwira. Ganizirani munthu amene wachokera kudimba la mbatata ya kachewere, wapalasa njinga makilomita asanu ndi atatu, abwerere mumdima m'chisanu cha Juni cha ku Angónia. Sabata yoyamba amatha. Pofika mwezi wachitatu njinga ili pakhonde. Kwa amayi ndi atsikana ulendo wausikuwo ndi nkhani ya chitetezo, ndipo tisaichepetse.

Pamenepa tikumbutsane chinthu chimene makolo ambiri sanamvebe. Lamulo la 2003 lokankhira atsikana oyembekezera ku noturno linathetsedwa mu Disembala 2018. Mtsikana wapakati ali ndi ufulu wopitiriza masana ndi anzake.

PESD ndi sekondale yophunzira uli kwanu, imene imayendetsedwa ndi IEDA, bungwe la boma loona za maphunziro a patali. Mumalembetsa pamalo otchedwa CAA, amene amakhala pasukulu ya sekondale, ndipo phunziro lililonse linagawidwa m'timabuku totchedwa módulo. Mumawerenga phunziro, kuyankha mafunso, kudzichonga ndi mayankho a m'bukumo, ndipo mukamaliza módulo mumapita ku CAA kukalemba mayeso ake. Tutor alipo woti akuthandizeni pamene mwakakamira, koma sakuphunzitsani phunziro lonse ngati m'kalasi. Kwa mlimi wa fodya, wogulitsa pamsika kapena mayi wa khanda, ubwino wake ngwaukulu: nthawi yopalira kapena yosankha fodya mumachepetsa liwiro, ntchito ikatha n'kuthamanga, popanda wokulembani falta.

Ubwino womwewo ndi umene umagwetsa anthu. Palibe amene adzabwera kudzafunsa chifukwa chake módulo yakhala mwezi pansi pa mphasa. Chachikulu kuposa apo n'chilankhulo, poti buku lonse ndi Chipwitikizi ndipo silimva mukati bwerezani. Dziyeseni motere: bwerekani módulo ya kalasi imene mukufuna, werengani masamba awiri, tsekani buku, fotokozerani mnzanu m'Chichewa zimene mwawerengazo. Mukatha, PESD ndi yanu. Mukangokumbukira mawu atatu, pitani ku noturno ngakhale kutalike, kapena yambani mwalimbitsa kuwerenga. Ife tikuona kuti amene amafika kumapeto kwa PESD ndi amene amapangana atatu kapena anayi, kukumana tsiku lodziwika pasabata, ndiponso kukhala ndi ola lake lowerengera, bwino mbandakucha mutu usanatope. Timabuku tambiri timapezeka pa PDF, koma masamu pafoni yaing'ono amapweteka maso. Sindikizani a masamu ndi sayansi, enawo muwerenge pafoni.

Amene anafika kalasi 12 n'kugwa maphunziro awiri kapena atatu asabwererenso pabenchi chaka chathunthu. Akalembetse ngati externo, wongolemba mayeso osalowa m'kalasi, alipire maphunziro okhawo, afune mapepala a mayeso akale, aziwalemba atayang'ana wotchi mpaka azidutsa 10 pa 20 mosavuta. Nthawi yolembetsa ndi yaifupi ndipo imabwera mayeso akadali kutali, ndiye pitani ku secretaria msanga.

Maphunziro amanja a ku IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito, monga zamagetsi, kuwotcherera ndi kusoka, amatha m'miyezi yochepa ndipo amabweretsa ndalama msanga kuposa njira zonsezi. Koma satifiketi yake silowa m'malo mwa ya kalasi, ndipo ambiri mwa makosiwo amafuna kuti mukhale mutamaliza kalasi inayake. Wachinyamata angathe kuphatikiza kosi yotere ndi PESD.

Njira iliyonse ya sekondale idzafuna mapepala: BI (chitupa cha unzika) kapena cédula (chikalata cha kubadwa), satifiketi kapena declaração (kalata yaumboni) ya kusukulu imene munalekezera, ndi zithunzi zazing'ono. Yambani kuzisaka mu Okutobala, poti fayilo ya zaka khumi zapitazo siituluka tsiku limodzi ndipo chaka cha sukulu chimayamba dzinja lili pakati. Amene munaphunzira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, pepala la ku Malawi liyenera kudutsa kaye pa equivalência, kutanthauza kulifananitsa ndi makalasi a ku Mozambique, ndipo SDEJT ikuuzani poyambira. Ikaninso mapepala onse patebulo muyerekeze maina chilembo ndi chilembo. Pepala lina likati Chikondi, lina Chicondi, kapena chaka chobadwa chikasiyana, konzetsani musanalembetse mayeso, chifukwa satifiketi imatuluka ndi dzina limene munalembetsa nalo.