Abaya ya pa Facebook yomwe sindingaswali nayo

Ndinaitanitsa abaya yakuda (mkanjo wautali wa amayi achisilamu) kwa mayi wina amene amatsatsa zovala pa Facebook, ndipo ndinalipiriratu pa foni kuti ifike tsiku la Idi lisanakwane. Pachithunzi inali ya nsalu yokhuthala, yofika m'mapazi, koma imene ndinalandira pa basi ndi yopyapyala moti ndikaikweza padzuwa ndimawerenga zala zanga kuseri kwake, komanso manja ake amalekezera m'zigongono. Chovala chotere sichibisa thupi, choncho sindingaswali nacho. Nditawakumbutsa mwaulemu kuti Chisilamu chimaletsa kubisa chilema cha katundu, anangoyankha kuti chogulidwa sichibwezedwa, kenako anandibuloka. Uthenga wa malipiro ndi zithunzi zonse ndasunga, ndipo ndikukadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission (CFTC).