Masiki ya 3M 6200 pa ntchito yosasula malata a asibesitosi ku Salima: pomwe imathandiza ndi pomwe imalekera

Nyumba zambiri zakale za kuno ku Salima, kuyambira pa boma mpaka ku Chipoka, zidakali ndi malata otuwa aja okhuthala, olemera, omera ndere pamwamba. Ndi simenti wosakaniza ndi asibesitosi, ndipo pa magawo 100 alionse a latalo, 10 mpaka 15 amakhala asibesitosi. Masiku ano eni nyumba akusasula madenga otere n'kuikapo malata a IBR, ndipo amene amakwera pamwamba ndi kalipentala ndi aganyu ake, wina atamanga kansalu kumphuno, wina atavala kamasiki kabuluu kotsala nthawi ya Covid. Zonse ziwirizo ndi chimodzimodzi osavala kanthu. Masiki imene tikuiunika pano ndi 3M 6200, ya labala, yophimba mphuno ndi pakamwa, yomangirirako mafyuluta awiri m'mbali.

Fumbi la asibesitosi si fumbi la chigayo kapena la pamsewu. Ndi tiulusi tosaoneka ndi maso, tosakwana mamaikiloni 3 m'mimba mwake (maikiloni ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pomwe tsitsi la munthu nthawi zambiri limaposa mamaikiloni 50. Tikalowa m'mapapo sititulukanso. Sitinunkha, sitiyetsemulitsa, munthu amaweruka ali bwinobwino. Matenda ake amadza patapita zaka 20, 30 kapena 40: mapapo kuuma ndi zipsera mpaka munthu kumabanika pokwera kachitunda, khansa ya m'mapapo, ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma, imene ilibe mankhwala oichiza. Kwa wosuta fodya chiopsezo cha khansa ya m'mapapo chimachulukirachulukira. Kuno kwathu munthu wotsokomola, wowonda, wobanika, aliyense amathamangira kuganiza za TB, ndipo si kawirikawiri kuti wina amufunse ngati anagwirapo ntchito ya madenga ali mnyamata.

Pali phunziro la ku America limene amisiri ayenera kulimva. Ku Hanford, m'chigawo cha Washington, boma linayamba kumanga mu 1943 malo opangira plutonium wa mabomba a nyukiliya. Kumeneko ogwira ntchito ankavala kabaji koyeza cheza choopsa chimene thupi lalandira, ndipo maso a aliyense anali pa chezacho. Koma mapaipi a nthunzi, maboyila ndi makoma zinali zokutidwa ndi asibesitosi, ndipo asibesitosi alibe baji, alibe belu lochenjeza. Okonza mapaipi, owotcherera ndi amagetsi ankang'amba zokutirazo n'kumapuma fumbi lake. Mu 2000 dziko la America linakhazikitsa lamulo lopepesa anthu amene anadwala chifukwa chogwira ntchito m'malo a nyukiliya a boma, ndipo mu 2004 anawonjezamo gawo la matenda obwera ndi zinthu zapoizoni, asibesitosi ali momwemo, ndi chipepeso chofika madola 250,000. Ngati malo okhala ndi madokotala ndi zida zoyezera analephera kuona fumbi ili, denga la sukulu ya kumudzi kwa Khombedza silingatichenjeze lokha.

Tibwere ku masiki. Nambala yake ndi saizi: 6100 ndi yaing'ono, 6200 yapakati, 6300 yaikulu. Mashopu ambiri amasunga 6200 yokha, ndiye anthu amangogula imeneyo, koma mnyamata wa nkhope yowonda imamusiyira mpata m'masaya ndi pachibwano. Chigoba chake ndi chopepuka, malamba ake ndi awiri, la pamutu ndi la kukhosi, ndipo fyuluta imalowa poipotokola pang'ono mpaka itagwira. Mkati muli timavalavu titatu ta labala yopyapyala: tiwiri tolowetsa mpweya, kamodzi kotulutsa. Palibe batire, palibe chovuta kukonza. Apa tikuiyamikira ndithu.

Pamene ambiri amapusitsika ndi pa fyuluta. Masikiyi kawirikawiri imagulitsidwa ili m'paketi ya openta galimoto, yokhala ndi makatiriji a 6001 kapena 6051 ndi timapadi toyera ta 5N11 pamwamba. Imaoneka yaukatswiri, yolemera m'manja, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti iyi ndiye yeniyeni. Makatiriji amenewo ali ndi makala ogwira fungo la penti ndi thina; sagwira tiulusi. Kapadi ka 5N11 ndi ka mlingo wa N95, wosakwanira pa asibesitosi. Chofunika ndi fyuluta yolembedwa P3, monga 2135 yozungulira ngati chitumbuwa kapena 6035 ya m'kabokosi kolimba, kapena ya ku America yolembedwa P100, monga 2091 ya mtundu wa pinki. P3 imagwira 99.95 peresenti ya fumbi poiyesa, P100 imagwira 99.97. Pa ntchito ya denga ife timakonda 6035, chifukwa ntchitoyi ndi yonyowetsa ndipo kabokosi kamateteza pepala la mkati ku madzi odontha. 2135 ikanyowa imalemera kupuma ndipo muyenera kuitaya. Werengani zolembedwa pa fyuluta penipenipo, osati pa katoni. Zabodza zilipo zambiri, ndipo zizindikiro zake ndi izi: zilembo zofufutika mukazipaka chala chonyowa, paketi yosamata, tsiku lothera ntchito palibe, mtengo wotsika modabwitsa.

Koma 99.95 ija isakunamizeni. Ndi ya fyuluta ili pa makina, osati ili pankhope yotuluka thukuta. Bungwe loona za chitetezo pantchito ku Britain, HSE, limawerengera kuti masiki ya theka la nkhope yokhala ndi P3 imachepetsa fumbi lopumidwa ka 20 basi, ndipo izo ndi pamene yakhala bwino. Mpweya ndi waulesi, umadutsa pomwe pali mpata. Ndevu za masiku awiri zokha zimakweza labala pakhungu n'kutsegula tinjira tambirimbiri, choncho wokwera padenga amete m'mawa womwewo. Amene sameta pa zifukwa za chipembedzo, ndipo kuno kunyanja alipo ambiri, apatsidwe ntchito ina kutali ndi fumbi, chifukwa masiki yamtundu uwu singawateteze. Mukavala, yesani kawiri. Tsekani potulukira mpweya ndi chikhatho n'kupumira kunja pang'ono: masiki itukumuke osatulutsa mpweya m'mbali. Kenako tsekani mafyuluta n'kukoka mpweya: masiki ikanirire kunkhope kwa masekondi angapo. Ikafwamphuka, konzani malamba, koma osakoka mpaka labala kupindika, poti kumangitsa kwambiri kumatsegulanso mpata pamphuno. Ikakanabe, saizi si yanu.

Cholakwa chachikulu cha 6200 kuno ndi kutentha. M'mwezi wa October ndi November, padenga dzuwa likafika pamutu, thukuta limadzaza pachibwano mkati mwa masiki, labala n'kumaterereka. Munthu amaikweza pamphumi kuti apume kapena kuti aitane mnzake, ndipo mphindi imeneyo ndi imene fumbi lili m'mwamba. HSE imalangiza kuti masiki yopanda fani isavalidwe kopitirira ola limodzi osapumula. Ndiye ntchito iyambe m'bandakucha, ima 5 koloko, ifike ima 9 mwatsika. Kupumula kuzichitikira kumbali yochokera mphepo, mutapukuta masiki kunja ndi kansalu konyowa musanaivule. Amene angakwanitse agule 7502, mkulu wake wa 6200, ya silikoni yofewa ndi valavu yoloza pansi. Imapirira thukuta bwino ndipo mafyuluta ake ndi omwewa. Nyengo ya mwera, June mpaka August, kumazizira bwino koma mphepo imanyamula fumbi kupita kwa aneba ndipo lata limakupizidwa m'manja. Tsiku la mwera wamphamvu, denga lisiyeni.

Timamasiki totaya tija tolembedwa FFP1 ndi FFP2, kapena KN95, musativutikire. FFP3 yeniyeni ku Britain amailola pa kantchito kakafupi, koma ku America lamulo la OSHA, bungwe lawo loona za chitetezo pantchito, limakaniratu masiki zotaya pa asibesitosi, ndipo ndi chinyezi cha kuno ife tili mbali ya Amerika.

Masiki ndi mlonda womaliza. Woyamba ndi madzi. Tengani sipuleya ya kumsana ija yopopera thonje, yotsukidwa bwino, muthiremo madzi ndi sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono, masipuni awiri kapena atatu pa malita 15, kuti madzi alowerere m'malo mongotsetsereka. Poperani mwa nkhungu, makamaka pamabauti ndi polumikizana malata, ndipo muzibwereza chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa msanga. Osathira ndi paipi yamphamvu, imakokolola tiulusi n'kutisiya pabwalo pomwe tikauma tiuluka. Mabauti okhota ogwira malata aja muwadule ndi chodulira mabauti (bolt cutter) chakunsi kwa denga, kapena muwamasule ndi sipanala. Akachita dzimbiri, dulani bauti, osati lata. Galayinda, sowo, drill ndi bulashi yawaya zisayandikire. Galayinda ikadula lata louma imatulutsa fumbi loposa kutali mlingo wa 0.1 wa kaulusi pa sentimita imodzi ya kiyubiki ya mpweya, umene America ndi Britain amaika ngati malire, ndipo kuchepetsa ka 20 kuja sikungakubwezeni pansi pa malirewo.

Lata litsike lathunthu, anthu awiri pamwamba, awiri pansi, kapena ndi zingwe. Osaponya. Ndipo musaponde lata la asibesitosi: lakale limaphwanyika ngati mbale ya dothi popanda kulira kaye, munthu n'kugwera mkati. Yalani matabwa opingasa pamwamba pa mapulani (mitanda imene malata amamangiriridwapo), kapena gwirani ntchito muli pa sikafodi chakunsi. Kugwa kumapha lero lomwe, asibesitosi asanayambe n'komwe.

Pansi yalani pulasitiki wokhuthala wa geji 1000, yemwe ndi mamaikiloni 250, yemwe uja timayala pansi pa silabu. Malata muwasanjike pamenepo, muwakulunge kawiri, mumate ndi tepi, mulembe kuti ASIBESITOSI. Zidutswa muzitole ndi manja ovala magolovesi zili zonyowa. Tsache ayi. M'magatala ndi pamwamba pa siling'i mumakhala fumbi la zaka makumi; linyowetseni, mulikokolole ndi kafosholo, mupukute ndi sanza zonyowa, sanzazo zipite m'thumba limodzi ndi zinyalala. Ana, nkhuku ndi zovala zoyanika zichoke pabwalo, mazenera a nyumba zoyandikana atsekedwe, ndipo ngati madzi a padengalo amapita mu thanki, chotsani paipi musanayambe.

Chovala chikhale ovolosi yotaya yolembedwa Type 5, yokhala ndi chipewa, saizi imodzi kuposa yanu kuti isang'ambike pakati pa miyendo mukanjuta. Chipewa chipite pamwamba pa malamba a masiki, miyendo ya ovolosi ikhale kunja kwa jombo, ndipo jombo zikhale zopanda zingwe poti zingwe zimasunga fumbi. Povula pali dongosolo, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya zonse zimene asamala tsiku lonse: pukutani ovolosi ndi sanza yonyowa moigundagunda pang'onopang'ono, osasisita, tsukani jombo, vulani ovolosi moitembenuza kunja kulowe mkati, iponyeni m'thumba, masiki ikhale yomaliza kuchoka. Ovolosi yansalu yopita nayo kunyumba kuti mayi akachape ndi imene yadwalitsa akazi ndi ana m'maiko ambiri, anthu oti sanakwerepo padenga. Mayi amaikung'untha kaye asanaiviike, ndipo fumbi lonse limathera pankhope pake.

Kusamala masiki n'kosavuta. Chotsani mafyuluta, tsukani chigoba m'madzi ofunda osapitirira madigiri 49 ndi sopo wamba, osati thina kapena petulo, yanikani pamthunzi, sungani m'kabokosi kotseka. Yang'anani kavalavu kotulutsa mpweya nthawi zonse: kakapindika kapena kakagwira kamchenga, fumbi limalowera pomwepo osadutsa mu fyuluta. Fyuluta siichapidwa, siipopedwa ndi kompuresa, siimenyedwa pamwala kuti fumbi lichoke. Ntchito ya asibesitosi ikatha, mafyuluta alowe m'thumba la zinyalala.

Pali malire amene masikiyi siidutsa. Asibesitosi wofumbutuka ndi chala, wokuta mapaipi a nthunzi ndi maboyila m'mafakitale ndi m'zipatala zakale, ndi mtundu womwe uja wa ku Hanford. Ameneyo amachotsedwa m'chipinda chomata ndi pulasitiki, chokhala ndi makina okoka mpweya, anthu atavala masiki ya nkhope yonse yokhala ndi fani. Mukamupeza, 6200 ibwerere m'bokosi ndipo ntchito iime.

Kwa makontilakitala: lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha wantchito pa wolemba ntchito, choncho masiki, mafyuluta ndi maovolosi zilowe mu koteshoni, zisadulidwe pa malipiro a waganyu. Masiki imodzi munthu mmodzi, yolembedwa dzina. Za kotaya malata, funsani ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma kapena a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, musanasasule, osati malata ali kale pa ngolo. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, koma kuno malata osasulidwa amapezabe ogula tsiku lomwelo: wina akufuna khola la nkhunda, wina mpanda wa bafa, wina zidutswa zokwirira dzenje pamsewu kuti matayala azipera chaka chonse. Mwini nyumba akati awagulitse malatawo, muuzeni kuti mtolo wamatidwa kale, ndipo tepiyo isamatulidwe.