Seven Pounds: wogulitsa anandinamiza, koma fulashi sindifufuta

Ndinamuuza momveka bwino mnyamata woika mafilimu m'mafulashi pamsika wathu uja kuti ndikufuna ya nthabwala, yoti tionere Loweruka usiku ine ndi mayi a kunyumba. Iye maso ali pa foni anangoti, "Bwana, tengani iyi ya Will Smith, muzikangoseka." Ndinalipira K500 ya masiku onse ija. Kufika kunyumba, mawu akutsalira m'mbuyo, munthu watseka kale pakamwa mawu n'kumabwera pambuyo. Nthabwala ananena zija mulibe ngakhale imodzi. Mwana ameneyu filimuyi sanaionerepo, amangogulitsa dzina la Will Smith, ndipo bodza lakelo likundipsetsabe mtima.

Ndinatsala pang'ono kuzimitsa pamene Will Smith akunyoza pa foni munthu wosaona, Ezra, amene akusewera Woody Harrelson. Amamutonza za kusaona kwake mopanda chisoni, mwiniwakeyo n'kumangoyankha mwaulemu mpaka kudula foni. Mayi a kunyumba anati tidikire kaye, ndipo anachita bwino.

Filimuyi ndi ya 2008, anaitsogolera Gabriele Muccino, yemwe anapanganso naye The Pursuit of Happyness. Ndi ya maola awiri ndipo imayenda pang'onopang'ono, ola loyamba umangodabwa kuti Will Smith, amene akudzionetsa ngati munthu wa msonkho, akulondola anthu odwala chifukwa chiyani. Kenako zimadziwika. Ankayang'ana uthenga pa foni akuyendetsa galimoto, anthu 7 anafa, mmodzi mwa iwo ndi mkazi amene ankafuna kumukwatira. Kuyambira pamenepo akudzigawa yekha. Mbali ya mapapo kwa m'bale wake, chiwindi kwa mayi wina, impso, mafuta a m'mafupa kwa kamnyamata kodwala. Nyumba yake ya m'mbali mwa nyanja anapatsa Connie, mayi wa ana awiri amene mwamuna ankamumenya. Kunyoza Ezra kuja kunali kumuyesa ngati alidi munthu wabwino.

Apa m'pamene mkwiyo wanga unazirala. Mlamu wanga anali dalaivala wa minibasi, anagunda mwana amene anathamangira pamsewu. Aliyense anati silinali vuto lake, koma chiwongolero sanachigwirenso. Amakhala nafe pa maliro, pa maukwati, akuseka pamene ena akuseka, koma maso ake ali kwina. Nkhope imeneyo ndinaiona pa Will Smith atakhala pa tebulo ndi Emily, mtsikana wodwala mtima amene akusewera Rosario Dawson. Wamukonzera makina ake akale osindikizira makadi, akudya, akuvina, mtsikanayo akulota za ana ndi ukwati, iye akumwetulira koma akudziwa kale zimene wakonza. Mayi a kunyumba anangoti "achimwene" n'kuyamba kulira, ine sindinawafunse chilichonse.

Mathero ake sindikugwirizana nawo. Amadzipha kuti Emily alandire mtima, Ezra alandire maso, ndipo filimu imaika nyimbo zokoma ngati wachita chamuna. Ayi. Emily ankamufuna wamoyo, m'bale wake ankamufuna wamoyo. Munthu amene akuvutika ndi maganizo otere asaonere yekha, ndipo ana musawaike patsogolo pa TV. Komabe pamene Emily anakumana ndi Ezra pa kwaya ya ana, n'kumuyang'ana m'maso, Ezra n'kuona chipsera pa chifuwa chake, nanenso misozi inatsika, ngakhale mawu anali akutsalirabe.

Nyenyezi zinayi kwa filimu, imodzi kwa wogulitsa. Lamulungu titachoka ku tchalitchi ndinakwera njinga kupita kwa mlamu wanga, tinangokhala pa khonde mpaka dzuwa kupendeka. Za filimuyi sindinamuuze.