Makadi Ozindikirira Nsomba za M'matanthwe a Korali: Mmene Ndinawayesera pa Nsomba Yonga Bokosi

Makadiwa alipo asanu ndi limodzi, ndi apulasitiki yolimba, ndipo anapangidwira munthu wosambira pamwamba pa matanthwe a korali (miyala yopangidwa ndi tizamoyo ta m'madzi) m'nyanja za Indian ndi Pacific. Ndawagwiritsa ntchito milungu iwiri. Madzi amchere sanafufute utoto wake, koma chingwe chomangira pamkono n'chosalimba, moti ndinachisintha tsiku lachitatu.

Ubwino wake ndinauona nditakumana ndi kansomba kamawanga kakuyandama pakamwa pa kaphanga, thupi lili nji ngati kabokosi, zipsepse zokha zikuphiriphitha, mchira ukungowongolera. Nsomba za banja lake, lotchedwa Ostraciidae, zimasambira chonchi chifukwa thupi lawo linakutidwa ndi timafupa ta ngodya zisanu ndi imodzi tolumikizana, ndiye sizingapindike monga nsomba zina. Khadi linandionetsa kuti iyi inali Ostracion meleagris, yomwe imakula kufika masentimita 25. Dzina lachiwirilo, meleagris, ndi la Chigiriki, lotanthauza nkhanga, ndipo amene waona yaikazi, yoderako yokhala ndi timadontho toyera thupi lonse, sangatsutse. Yamphongo ndi yosiyana kwambiri: m'mbali mwake ndi mwa buluu mokhala madontho achikasu, pamene msana wokha ndiwo uli ndi mawanga oyera. Opanga makadiwa anachita bwino kujambula ziwirizi moyandikana, chifukwa ndikanalumbira kuti ndi mitundu iwiri.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru yomweyi anaiiwala pa m'bale wake, Ostracion cubicus. Anajambula kamwana kokha, kachikasu kowala ka madontho akuda, kamene aliyense amakonda kukajambula. Nsombayi ikakula mpaka masentimita 45, chikasu chija chimazilala, thupi limatalika, ndipo madontho amakhala otuwa ozunguliridwa ndi mzere wakuda. Ndinatha masiku atatu ndikutembenuza makadi kufunafuna yaikulu imene ndinaiona, pamene chithunzi cha ubwana wake chinali m'manja mwanga momwemo.

Za khalidwe la nsombazi makadiwa sanenapo kanthu, kupatula chizindikiro chosonyeza kuya kwa madzi. Zimene ndikudziwa ndinaziphunzira pokhala phee n'kumayang'ana: nthawi zambiri nsomba yonga bokosi imayenda yokha, imatompha ndere ndi tizamoyo tomatirira pamiyala ndi kakamwa kake kosongoka, ndipo munthu akayandikira siithawira kutali, imangotembenuka pamalo pomwepo n'kulowa mumng'alu. Chimene sindingakhululuke ndi kusowa kwa chenjezo. Nsombayi ikapanikizika imatulutsa poizoni pakhungu, wotchedwa pahutoxin, amene amatha kupha nsomba zina zikakhala nayo m'thanki imodzi. Malo olembapo mzere umodzi wouza munthu kuti asaigwire kapena kuithamangitsa analipo, pansi pa chithunzi chomwecho.

Kwa woyamba kumene kusambira m'matanthwe, makadiwa ndi okwanira kumuuza banja la nsomba imene akuiona. Ine ndidzapitiriza kuwanyamula, koma kumbuyo kwa khadi lachinayi ndalembako ndi pensulo maonekedwe a cubicus wamkulu.