SEP ndi yabwino, bola osayilowa ndi changu

Amene mukuyamba kumene kafukufuku wa filosofi ndikuuzeniko za SEP, Stanford Encyclopedia of Philosophy, nkhokwe ya nkhani zofotokoza mitu ya filosofi, poti ndakhala nayo kanthawi ndithu. Ndi yaulere pa intaneti, anayiyambitsa ndi Edward Zalta mu 1995, ndipo nkhani iliyonse amalemba ndi katswiri wa gawolo kenako akonzi amayiwunika isanatuluke. Si zoti aliyense wangodzuka nkulemba ayi.

Ineyo poyamba ndinapusa ndekha. Ndimafuna kumvetsa zoti kudziwa chinthu nkutani kwenikweni, ndiye ndinatsegula nkhani yake nkuyamba kuwerenga kuchokera pamwamba mzere ndi mzere, kufika pakati mutu uli ziii, mayina a anthu mbwee, ndinali nditaiwala ngakhale funso lomwe ndinabwera nalo. Alembi ake amalemba ngati akuyankhula ndi anzawo odziwa kale, ndiye ngati ndinu mlendo muona zakuda. Chinandipulumutsa ndi dzina limodzi lomwe limangobwerabwera, Edmund Gettier. Ndinatsikira pansi pa tsamba pomwe pali mndandanda wa mabuku ndi mapepala, nkupeza pepala lake la 1963, nditalisaka ndinadabwa kuti ndi masamba atatu okha basi! Mfundo yake njoti utha kukhulupirira chinthu choona, uli ndi zifukwa zomveka, komabe osachidziwa, wangochita mwayi. Nditawerenga kapepalako ndinabwerera ku SEP ndipo ndime zomwe zimandizunguza zija zinayamba kulowa.

Ndiye pano ndimawerenga ndime zoyambirira, kuona mitu, kenako phi pansi kukatola mayina awiri atatu oti ndiwawerenge eni akewo. Mutu ukakhala wachilendo kwambiri ndimayamba ndadutsa ku Internet Encyclopedia of Philosophy, nayonso yaulere koma Chingelezi chake nchofewako.

China chomwe ambiri sachidziwa, nkhani za mu SEP zimakonzedwa pakapita nthawi, ndiye mawu mwakopera lero mwina chaka chamawa simuwapezanso pamalo omwewo. Amasunga kope losasintha kanayi pa chaka. Mukamalemba pepala lanu dinani pa Author and Citation Info mutenge linki ya kope losungidwalo, osati ya tsamba lomwe mwatsegula, apo bii aphunzitsi akakatsegula akapeza zina nkumati mwapeka.